Kernel yanga ikuchedwa kupeza mpata wa ma adiresi, ndigumule zonse?

"Bambo, ndine wophunzira wa zamakompyuta, ndipo panopa ndili kwathu ku Kapata kuno ku Chipata, kumene ndikumalizitsa pulojekiti ya chaka chomaliza. Ndatenga xv6 ya RISC-V, imene ndi kernel (mtima wa operating system) yaing'ono yophunzirira, n'kuiwonjezera mmap, imene pulogalamu imapemphera chigawo cha memory, ndi munmap, imene imachibwezera. Zigawo zonse za memory zimene pulogalamu yapatsidwa ndimazisunga mu linked list (mndandanda umene chinthu chilichonse chimaloza chotsatira chake) motsatira ma adiresi, ndipo pakabwera pempho latsopano ndimayenda kuchokera koyambirira mpaka nditapeza mpata wokwanira. Zigawo zikakhala zochepa, zonse zili bwino. Koma nditayesa kupempha zigawo 20,000, mapempho oyambirira ankathamanga, omalizira ankachita kukwawa. Mnzanga wina akuti ndizingokumbukira pamene ndinalekezera ulendo wapitawo. Wina akuti ndilembe maple tree ngati ya Linux. Kodi ndinalakwitsa kuyambira pa maziko? Nthawi yatsala yochepa, ndipo laputopu ndimaigwiritsa ntchito magetsi akakhalapo basi."

Mng'ono wanga, khazikani mtima pansi. Maziko anu ndi abwino, ndipo vutoli mwalipeza chifukwa choti ntchito yanu munaiyesa mwamphamvu, zimene ophunzira ambiri sachita. Kuyenda pa list pofufuza mpata ndi njira yomweyo imene Linux yeniyeniyo inkagwiritsa ntchito kufikira kumayambiriro kwa 2013, pa makompyuta a makampani akuluakulu. Palibe chogumula. Chofunika ndi kuwonjezera nambala imodzi pa chigawo chilichonse, n'kuonetsetsa kuti nambalayo isamaname. Yankho langa lonse lagona pamenepo, koma ndikufuna mumvetse chifukwa chake, popeza tsiku lokaonetsa pulojekiti aphunzitsi adzakufunsani chifukwa, osati code yokha.

Chimene mukufufuzacho si RAM. Pulogalamu ikaitana mmap popanda kutchula adiresi, kernel imangofunika kupeza ma adiresi otsatizana amene sanapatsidwe ntchito, RAM yeniyeniyo imabwera pambuyo, pulogalamu ikakhudza page (kachidutswa ka memory ka ma byte 4,096) koyamba n'kuchitika page fault, pamene CPU imaimitsa pulogalamuyo n'kuitana kernel. Ma adiresiwo ndi ochuluka zedi. Pa Linux ya x86-64 pulogalamu iliyonse ili ndi 128 TiB, ndipo mu xv6 yanuyo MAXVA, malire a pamwamba a ma adiresi, imakupatsani 256 GiB. Malo ndiye alipo osaneneka. Chovuta n'chakuti kuti mufike pamene pali malowo, mukudutsa kaye aliyense amene anakhala kale.

Tiwerengere limodzi. Pempho loyamba silidutsa aliyense. Lachiwiri lidutsa chigawo chimodzi. La nambala 20,000 lidutsa zigawo 19,999. Mukaphatikiza zonse mupeza masitepe pafupifupi 200,000,000. Mukachulukitsa zigawo kawiri, ntchito ichuluka kanayi. Kuwonjezera apo, sitepe iliyonse pa linked list ndi kutsatira pointer kupita kwina mu memory, kumene kawirikawiri sikuli mu cache ya CPU, ndiye CPU imakhala ikudikira. N'chifukwa chake kuchedwaku sikuoneka zigawo zili 50, koma kumakugwerani zikafika masauzande.

Pali mafunso awiri amene kernel imafunsa za zigawo, ndipo anthu amawasokoneza. Loyamba ndi lakuti, adiresi iyi ili m'chigawo chiti? Limeneli limafunsidwa pa page fault iliyonse. Lachiwiri ndi lakuti, mpata wokwana ma page akutiakuti uli pati? Mtengo (tree, dongosolo limene chigawo chilichonse chimagawa zotsala m'nthambi ziwiri, ya ma adiresi otsika ndi ya okwera) wosanjidwa motsatira ma adiresi umayankha loyambalo mwachangu, ndipo Linux inali nawo red-black tree wotero kuyambira 2001. Koma mtengo umenewo sudziwa kanthu za kukula kwa mipata, choncho pa funso lachiwirilo Linux inkabwererabe ku list. Ndikunena izi kuti musangosintha list kukhala mtengo n'kuyembekeza kuti zatheka. Mtengo wamba pa funso lanuli suthandiza.

Malangizo a mnzanu woyambayo si opanda nzeru, ndipo Linux inayenda nawo zaka zambiri. Inali ndi free_area_cache, imene inkakumbukira pamene kufufuza kunalekezera. Pa mayeso anu a zigawo 20,000 zongopemphedwa motsatizana, njirayi ioneka ngati yachiritsa zonse, chifukwa mpata wotsatira umakhala pomwepo pamene mwalekezera. Koma pulogalamu ikayamba kubweza zigawo ndi munmap, kumbuyo kwanu kumatsala mabowo amene simukuwaonanso. Pa makina a 32-bit, pamene pulogalamu inali ndi 3 GiB yokha, zimenezi zinkachititsa kuti malo aduke zidutswazidutswa mpaka pempho lalikulu kukanidwa malo alipo. Mu 2005 anawonjezera cached_hole_size, nambala yokumbukira bowo lalikulu kwambiri limene linadumphidwa, kuti pempho lokwana m'bowolo liyambirenso koyambirira. Zinathandiza, komabe kuyambiranso koyambirira ndiko kuyenda pa list konse kuja. Njirayi imathamanga pulogalamu ikamapempha mwa dongosolo limene inu munaliganizira, ikasintha dongosolo mwabwerera pomwe munali. Mphunzitsi wochenjera akalemba mayeso opempha ndi kubweza mosakaniza kukula, adzaigwetsa pamaso panu.

Njira yeniyeni ndi iyi. Taganizirani mayi amene wafika ku Saturday Market ndi matumba a nshawa, akufuna malo okwana mabenchi atatu oyandikana. Akhoza kuyenda mzere ndi mzere, benchi ndi benchi, dzuwa n'kufika pamutu asanayale. Koma tiyerekeze kuti woyang'anira mzere uliwonse amadziwa chinthu chimodzi chokha, chimene ndi malo aakulu kwambiri opanda munthu mu mzere wake. Woyang'anira mbali yonse yakum'mawa amadziwa nambala yaikulu pa za oyang'anira mizere ake, ndipo tcheyamani wa msika amadziwa yaikulu pa zonse. Mayiyo akafunsa tcheyamani n'kumva kuti atatu palibe, nkhani yathera pomwepo. Akamva kuti alipo, afunsa wakum'mawa. Uyo akati kwanga aakulu ndi awiri, theka la msika ladumphidwa ndi funso limodzi. Akatsika motero, mafunso ochepa chabe amufikitsa pa benchi lake. Koma dongosololi limadalira kuti aliyense akachoka kapena akakhala, woyang'anira mzere auze womukulira nthawi yomweyo.

Mu code zili chonchi. Zigawo zanu muziike mu mtengo wolinganizidwa, wosanjidwa motsatira ma adiresi. Node iliyonse, imene ndi chigawo chimodzi mu mtengowo, ili ndi mpata wakewake, umene ndi mtunda wochokera pamene chigawo cham'mbuyo chathera kufika pamene ichi chayambira. Kenako node iliyonse isunge nambala imodzi ija, yaikulu kwambiri pa zitatu izi, mpata wakewake, nambala ya mwana wakumanzere, ndi nambala ya mwana wakumanja (anawo ndi ma node awiri a pansi pake). Mu Linux inkatchedwa rb_subtree_gap. Michel Lespinasse wa ku Google ndiye anailemba mu 2012, pomanga pa ntchito imene Rik van Riel anaiyamba, ndipo inatuluka mu Linux 3.8 mu February 2013. Chaka chomwecho free_area_cache inachotsedwa, sinafunikenso. FreeBSD ili ndi nambala yofanana nayo yotchedwa max_free mu splay tree yake, NetBSD imaitcha maxgap, ndipo mu 2019 Uladzislau Rezki anachita chimodzimodzi pa vmalloc ya Linux 5.2, imene imagawa ma adiresi a kernel yokha. Anthu osiyanasiyana, m'ma kernel osiyana, akafika pa yankho limodzi, dziwani kuti njirayo ndi yopondedwa.

Kufufuza kumayenda motere, ngati mukufuna adiresi yotsika kwambiri imene ingakwane. Tinene kuti mukufuna ma page 8. Yang'anani node yapamwamba penipeni. Nambala yake ikachepera 8, m'kati mwa mtengo mulibe. Ikakwana, yang'anani mwana wakumanzere. Nambala yake ikafika 8, tsikirani kumeneko, chifukwa ma adiresi otsika ali uko. Ikachepa, dumphani nthambi yonseyo osaiyang'ananso, muone mpata wa node imene mwaimapo. Ukakwana, mwapeza. Ukachepa, palibe kwina kumene nambala yaikulu ija yachokera koma kumanja, tsikirani kumeneko. Mtengo wa zigawo 20,000 wolinganizidwa bwino ndi wakuya masitepe pafupifupi 15, ndipo red-black tree ngakhale utapendekeka chotani sungapitirire kawiri pamenepo. Ndiye m'malo mwa masitepe 200,000,000 aja, mapempho onse pamodzi atenga osafika 600,000. Mukafuna adiresi yokwera kwambiri, ingoyambani ndi kumanja.

Kufufuzako mulemba madzulo amodzi. Pamene ntchito yagona, ndipo pamene ndaona anthu ambiri akupunthwa pa zaka zimene ndakhala ndikuwerenga ndi kukonza code yotere, ndi kusunga nambala ija kuti izinena zoona nthawi zonse.

Mukalowetsa chigawo chatsopano, chimakhala m'kati mwa mpata n'kuugawa pawiri. Chidutswa cham'mbuyo ndi mpata wa node yatsopanoyo. Chidutswa cham'tsogolo ndi mpata watsopano wa node yotsatira, umene tsopano wachepa. Choncho ma node awiri asintha, osati imodzi, ndipo awiriwo akhoza kukhala m'nthambi zosiyana. Kuchokera pa iliyonse muyenera kukwera kwa makolo ake mukuwerengeranso nambala, ndipo mukhoza kuima mukafika pa kholo limene nambala yake sinasinthe. Ambiri amakonza node yatsopano yokha n'kuiwala yotsatirayo. Mukachotsa chigawo, yotsatirayo ndi imene imalandira zonse, mpata wake wakale, kukula kwa chochotsedwacho, ndi mpata umene chochotsedwacho chinali nawo. Ndiye pali munmap yodula pakati pa chigawo, imene imasiya zigawo ziwiri ndi bowo pakati, ndi yodula kumutu kapena kumchira kokha, imene sisintha maonekedwe a mtengo koma imasintha mpata. Yakumutu imasintha mpata wa node yomweyo, yakumchira imasintha wa yotsatira. Pomaliza pali rotation. Mtengo ukamadzilinganiza, ma node awiri amasinthana malo, ndipo onse awiri afunika kuwerengeredwanso, kuyambira imene yatsikira pansi, kenako imene yakwera. Mukatembenuza dongosolo limeneli, yapamwambayo itenga nambala yakale ya mnzake.

Nambalayi ikanama, imanama mwa njira ziwiri, ndipo zizindikiro zake n'zosiyana. Ikachepera pa choonadi, kernel idumpha nthambi imene ili ndi malo, ndipo muona mmap ikukana pomwe malo alipo, kapena zigawo zikumwazikana popanda chifukwa. Ikapitirira choonadi, mutsikira mu nthambi imene mulibe kanthu n'kufika pa pointer ya NULL. Kumeneko n'kwabwinoko chifukwa kernel igwa, inu n'kudziwa. Choopsa kwambiri ndi pamene mpata weniweniwo wawerengeredwa molakwa n'kupereka adiresi imene ili kale ndi mwini. Pamenepo palibe chimene chimalira. Zigawo ziwiri zimangolemberana pamwamba, ndipo pulogalamu imadzafa patapita nthawi, pa malo osagwirizana n'komwe ndi mmap.

N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti list yanu yakaleyo musaitaye. Isandutseni mboni. Lembani function yoyendera mtengo wonse, yowerengera nambala iliyonse kuchokera pansi n'kuiyerekeza ndi yosungidwa, ndipo ikapeza kusiyana iitane panic, imene imaimitsa kernel pomwepo. Linux ili nayo yake yotchedwa validate_mm, imene imayatsidwa pofufuza zolakwika pokha. Kenako lembani pulogalamu yopempha ndi kubweza zigawo mwachisawawa, za kukula kosiyanasiyana, ndipo pa pempho lililonse kernel ifufuze kawiri, kudzera mu mtengo ndi kudzera mu list yochedwa ija. Mayankho akasiyana ngakhale kamodzi, imani pomwepo musindikize mtengo wonse. Manambala achisawawawo muziwayambira pa seed (nambala yoyambira) yodziwika, kuti cholakwika chikaoneka muthe kuchibwereza, ngakhale magetsi atazima pakati n'kudzayambiranso mawa lake. Mayeso amenewa ndi amene ndingafune kuona poyamba ndikanakhala wokuyesani, chifukwa amasonyeza kuti munthu akudziwa pamene code yake ingathyokere.

Pali tinthu tina ta m'mphepete timene timaiwalika. Mpata wa pamwamba pa chigawo chomaliza ulibe mwini, popeza node iliyonse imasunga mpata wa kumbuyo kwake. Linux inkasunga highest_vm_end padera chifukwa cha zimenezi. Kwa inu n'kosavuta, chifukwa xv6 imaika ma page awiri apadera, TRAMPOLINE ndi TRAPFRAME, pamwamba penipeni pa ma adiresi. Ikani node yosachotsedwa yoimira ma page amenewo, ndipo mpata womalizawo upeza mwini popanda code yapadera. Ndikulangizanso kuti muzigawa kuchokera pamwamba kutsika, monga imachitira Linux pa makina ambiri, chifukwa heap, memory imene pulogalamu imaikulitsa ndi sbrk, imakula kuchokera pansi kukwera. Zikatero ziwirizi zimakumana mochedwa kwambiri. Koma growproc, function ya xv6 yokulitsa heap, iyenera kufunsa kaye ngati siikulowa m'chigawo chotsikitsitsa cha mmap, ndipo heap ikakula kapena kuchepa, mpata wa chigawo chimenecho wasinthanso. Pa fork, pamene pulogalamu imadzikopera, kope latsopanolo lilandire mtengo wakewake ndi manambala ake, pa exec ndi exit, pamene ikusinthidwa kapena kutha, ma node onse abwezedwe.

Alignment nayo imafunika kuiganizira. Pempho likafuna kuyambira pa malire a 2 MiB, monga zimafunikira pa huge page, mpata ukhoza kukhala waukulu mokwanira koma woyambira pa malo olakwika. Linux imathana nazo mosavuta. Imawonjezera align_mask pa kukula kofunidwa isanayambe kufufuza, kuti mpata uliwonse wopezeka ukwane ngakhale adiresi itakankhidwa. Mpata wina umene ukanakwana ndendende umadumphidwa, koma pa ma adiresi ochuluka chonchi kutaya kumeneko n'kochepa poyerekeza ndi kutsika mu nthambi n'kubwerako chimanjamanja. Ndipo ngati tsiku lina mudzalola stack kukula yokha, kumbukirani kuti mpata wa pansi pake si wonse wogawidwa. Mu 2017, vuto la chitetezo lotchedwa Stack Clash litaululika, Linux inakulitsa malire osiyidwa pansi pa stack kufika ma page 256, amene ndi 1 MiB, ndipo kuwerengera kwa mpata kunayenera kuchotserako malirewo.

Tsopano za maple tree. N'zoona kuti Linux inasamukirako. Liam Howlett ndi Matthew Wilcox a ku Oracle anailemba, ndipo inalowa mu Linux 6.1 mu December 2022, n'kulowa m'malo mwa zinthu zitatu nthawi imodzi, red-black tree, linked list ya zigawo, ndi vmacache. Ndi ya mtundu wa B-tree. Node iliyonse ndi ya ma byte 256 ndipo imasunga malire a zigawo zingapo pamodzi, choncho mtengo umakhala waufupi ndipo CPU siidumphadumpha kwambiri mu memory. Koma chifukwa chachikulu chimene anailembera sichinali kufufuza mpata, chimenecho chinali chitakonzedwa kale mu 2013. Ankafuna mtengo umene ma thread (mbali za pulogalamu imodzi zoyenda nthawi imodzi) angauwerenge popanda kugwira loko, kudzera mu njira yotchedwa RCU, chifukwa pa makina a ma CPU ambiri ma thread ankapanikizana pa loko imodzi yotchedwa mmap_lock. Pa maziko amenewo ndi pamene Suren Baghdasaryan anamanga loko ya chigawo chilichonse payokha mu Linux 6.4 mu 2023. Ndipo taonani, m'kati mwa maple tree nzeru ndi yomwe ija. Node ya m'kati imasunga mpata waukulu kwambiri wa mwana aliyense, ndipo mas_empty_area imatsika motsatira manambalawo. Pulogalamu ya xv6 ili ndi thread imodzi yokha, ndiye vuto limene maple tree inabwerera inu mulibe. Code yake ndi mizere masauzande angapo, yolembedwa ndi akatswiri kwa zaka. Musaiyambe. Foni ya Android iliyonse imene kernel yake ili pakati pa 3.8 ndi 6.0 ikuyendera njira imene ndakufotokozeraniyi, ndipo ikugwira ntchito bwinobwino m'matumba a anthu ku Down Shops.

Pa kusankha mtengo, ine ndingatenge AVL, mtundu wina wa mtengo wodzilinganiza. Kuchotsa node mu red-black tree kuli ndi njira zambiri zosokoneza, pamene AVL imasunga kale kutalika pa node iliyonse n'kumakuwerengeranso pokwera, ndipo nambala yanu ya mpata ingokwera nawo ulendo womwewo mu function imodzi. Splay tree ya FreeBSD, yochokera kwa Daniel Sleator ndi Robert Tarjan mu 1985, ndi yaifupi kulemba, koma imasintha maonekedwe ngakhale pongowerenga, ndipo zimenezo zimavutitsa kutsatira cholakwika.

Njira zina ziwiri muzidziwe, popeza angakufunseni. Bitmap, bit imodzi pa page iliyonse, ndi yabwino pa RAM yeniyeni koma osati pa ma adiresi. Pa 256 GiB yanuyo ingadye 8 MiB pa pulogalamu iliyonse, ndipo pa 128 TiB ingadye 4 GiB. Ina ndi vmem, imene Jeff Bonwick ndi Jonathan Adams anafotokoza mu 2001 pa Solaris. Imaika mipata m'magulu motsatira kukula, 2, 4, 8, 16 mpaka m'tsogolo, n'kutenga woyamba m'gulu limene mpata uliwonse ndi wokwanira, popanda kufufuza konse. Ndi yachangu kwambiri, koma siilonjeza adiresi yotsikitsitsa kapena yokwera kwambiri, ndipo mufunikabe njira ina yoyankhira funso la page fault lija. Mtengo umodzi woyankha mafunso onse awiri ukukwanirani.

Musanalembe mzere uliwonse, yezani. Musadalire wotchi, chifukwa QEMU, pulogalamu yoyerekeza makina imene xv6 imayendamo, pa laputopu yoyendera batire imathamanga mosiyana ndi pamene ili pa magetsi, ndipo manambala anu asokonekera. Ikani counter yowerenga ma node amene kufufuza kulikonse kwadutsa, musindikize pa zigawo 1,000, 5,000, 10,000 ndi 20,000. Mudzachite chimodzimodzi mtengo ukatha. Ma graph awiri amenewo ndiwo mtima wa lipoti lanu. Muonenso kumene mukutenga memory yosungiramo ma node. Function ya kalloc ya xv6 imapereka page yathunthu ya ma byte 4,096, ndiye ngati chigawo chilichonse chikudya page yakeyake, zigawo 20,000 zatenga pafupifupi 80 MB pa 128 MB imene xv6 ili nayo. Dulani page imodzi mutulutsemo ma node ambiri. Chinanso chotsika mtengo koma chothandiza kwambiri ndi kuphatikiza zigawo zoyandikana. Chatsopano chikagundana ndi chakale, zilolezo zili zofanana ndipo zonse sizichokera ku file, zikhale chigawo chimodzi. Linux imachita zimenezi, ndipo ndi chifukwa chake pulogalamu yopempha kambirimbiri motsatizana imaoneka ndi mizere yochepa mu /proc/PID/maps. Kungoti mukaphatikiza, mayeso anu azisinthasintha zilolezo, kupanda kutero zigawo 20,000 zija zisanduka chimodzi ndipo mtengo sudzayesedwa.

Ndiwonjezere pang'ono za kunja kwa kalasi, popeza mukamaliza sukulu mudzakumana ndi nkhaniyi kuchokera mbali inayo, muli wolemba mapulogalamu kapena woyang'anira ma server. Pa Linux ya masiku ano, ndikaitanidwa kuti mmap ikuchedwa, kawirikawiri kufufuza mpata sikukhala wolakwa. Nthawi imathera pa kudikirana loko, pa ma page fault a pambuyo pake, ndi pa munmap imene imakakamiza ma CPU ena kutsuka TLB, cache yawo ya ma adiresi. Lamulo la perf limakuonetsani kumene nthawi ikupita, ndipo kuwerenga mizere ya /proc/PID/maps kumakuuzani kuchuluka kwa zigawo. Malire ake ndi vm.max_map_count, amene mwachizolowezi ndi 65530. Mitundu ina ya Linux, monga Fedora 39 ndi Ubuntu 24.04, inakweza kufika 1048576. Pulogalamu ikakanidwa memory RAM ilipo yambiri, yambani mwayang'ana pamenepo. Mankhwala ake nthawi zambiri ndi kupempha kochepa. Malloc ya glibc imapita ku mmap pa mapempho oyambira 128 KiB, malire amene amatha kukwera okha, ndipo pulogalamu yopempha ndi kubweza zidutswa zazikulu kosalekeza imapindula ikazisunga n'kuzigwiritsanso ntchito. Mapulogalamu akuluakulu amatenga chigawo chimodzi chachikulu ndi PROT_NONE, kutanthauza chopanda chilolezo chilichonse, n'kumadzigawira okha m'kati. Wofuna adiresi yakutiyakuti asathamangire MAP_FIXED, imene imafufuta chilichonse chimene yachipeza popanda chenjezo. Kuyambira Linux 4.17 pali MAP_FIXED_NOREPLACE, imene imakana m'malo mofufuta.

Pa nthawi imene yakutsaliraniyi, yambani ndi counter ndi mayeso achisawawa aja pa list yomwe muli nayo, kenako AVL wopanda nambala ya mpata mpaka kulowetsa ndi kuchotsa zitakhazikika, nambalayo ibwere pomaliza. Code muziisunga mu git, ndi kope lina pa flash kapena pa intaneti tsiku lililonse. Pitani kwa aphunzitsi okuyang'anirani sabata ino, osadikira kuti zivute, muwaonetse graph yoyambayo ndi dongosolo limeneli, kuti akuuzeni ngati akufuna mtengo wathunthu kapena ngati kuphatikiza zigawo ndi kufotokoza bwino vutolo kukukwanira pa digiri yanu. Mubwererekonso msanga ngati function yoyendera ija ikunena kuti mtengo uli bwino koma mapulogalamu akufabe mosadziwika. Zikatero cholakwika chasamukira ku page table, tebulo lolumikiza ma adiresi ndi RAM, kapena ku njira ya page fault, ndipo pamenepo pamafunika munthu wachiwiri wodziwa gdb, chida chofufuzira zolakwika mu code, kukhala nanu pa laputopu imodzi, mukutsatira adiresi imodzi kuchokera pa mmap mpaka pa PTE yake, mzere wake mu page table.